Makatani Anayi a Msonkho

Pa benchi ya pakhomo pa akauntanti wa kampani ina tinalipo atatu: ine wosoka makatani, a Pulambala, ndi bambo wopenta amene tinkawatcha a Layimu chifukwa nsapato zawo zinali mbuu ndi penti. Tonse tinagwirapo ntchito pakampani imeneyo, aliyense payekha, ndipo tonse tinkadikira pepala.

Inu olandira malipiro a pamwezi mwina simungazidziwe, ndiye ndifotokoze. Ife odzilemba tokha ntchito tikagwirira kampani, satipatsa ndalama zonse. Ine anandidula gawo limodzi mwa magawo khumi, amvekere ndi msonkho, akaperekera okha ku boma. Zimenezo sindikana. Koma akakudula amayenera kukupatsa pepala la chidindo lochitira umboni. Ukapita ndi fomu yako ku ofesi ya msonkho popanda pepalalo, kumeneko sadziwa kuti unadulidwa kale. Ulipiranso kachiwiri, ukachedwa akuwonjezera chindapusa. Tsiku lomaliza linali lomwelo, Lachisanu, ndipo amatseka folo koloko.

Zolipira kachiwiri ndinalibe. Chimene ndinali nacho ndi makina anga amagetsi, aja osoka nsalu zolemera, amene ndinawagula nditavutika zaka zitatu ndi makina opalasa ndi phazi. Alamu anga, amuna a chemwali anga aakulu, anali atawanunkhiza kale. Anati andithandiza powagula kwa ine pa theka la mtengo, ndipo abwera ndi galimoto madzulo a Lachisanu lomwelo. Thandizo la alamu anga limabwera nthawi zonse litanyamula chingwe.

Akauntantiwo tinkawatcha a Mawa. Milungu isanu ndinayenda pakhomo pawo, yankho lili limodzimodzi: mubwere mawa. Tsiku lina buku la mapepala latha, tsiku lina chidindo chili ndi munthu amene wapita kumaliro, tsiku lina kompyuta yakana.

Wani koloko itadutsa anatuluka akutokosa m'mano.

"Pepani anthuni, lero zathina. Mubwere Lolemba."

"Lolemba chindapusa chidzakhala chitayamba kale, bwana," anatero a Pulambala, chipewa chili m'manja.

"Ndanena kuti pepani," anayankha a Mawa, n'kubwerera mkati.

Pepani sapoletsa chilonda. Ndinakwiya, ndipo sindibisa, ndinachitanso mantha. Ndinaona makina anga atamangidwa kumbuyo kwa galimoto ya alamu, ine ndikubwerera kukapalasa ndi phazi nsalu zimene zimathyola singano. Chitseko cha a Mawa chinali chosatsekeka bwino, ndiye maso anga anagwera pa makatani a m'chipinda chawo. Obiriwira, a nsalu ziwiri kuphatikiza, chifukwa eni ake anadandaula kuti dzuwa la masana limawalasa pakompyuta. Ndinasoka ndine. M'nyumba yonseyo ndinasoka makatani makumi anayi, ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi a makumi anayi ngakhale mwana wa sitandade fili akuuzani. M'chipinda cha a Mawa munali mawindo awiri, makatani anayi.

Ndinagogoda, chifukwa ndinaleredwa bwino. Ndinalowa, n'kukokera mpando wa alendo pawindo, n'kuvula nsapato kuti ndisawadetsere mpando wawo, n'kukwera.

"Mayi, mukutani?"

"Ndikutenga katundu wanga, bwana. Pitirizani ntchito, sindikusokonezani."

Ngowe za makatani ndimazidziwa ngati zala zanga. Katani yoyamba inatsika a Mawa asanatseke pakamwa, ndipo dzuwa linalowa lonse n'kukhala pakompyuta pawo. Anayamba kuphethira, dzanja lili pamphumi.

"Makatani amenewa tinalipira."

"Munalipira makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Za anayi munati mwapereka ku boma. Ndionetseni pepala. Ngati palibe pepala ndiye kuti simunapereke, ndipo ngati simunapereke, anayiwa ndi anga."

"Uku n'kuba."

"Itanani apolisi. Akabwera ndiwauze kuti ndalama ya boma inalowa muno koma sinatuluke."

Apolisi sanawaitane. Anaitana mlonda, bambo wachikulire amene ndinamusokerapo thumba la yunifolomu osamulipiritsa. Anaima pakhomo, nayang'ana ine pampando, nayang'ana a Mawa.

"Bwana, munthu wamayi ali pamwamba, ndimugwira pati? Akagwa mlandu ndi wanga."

Ndinatsitsa yachiwiri, ndikuipinda bwinobwino monga ndimachitira, msoko mkati. Nditasunthira mpando pawindo lachiwiri, n'kukweranso n'kutsitsa yachitatu, anatulukira mayi amene amayendetsa kampaniyo, atamva phokoso. Ndinali nditawaonapo kamodzi kokha, tsiku limene ankasankha mtundu wa nsalu.

"Chikuchitika n'chiyani muno?"

A Mawa anayamba kufotokoza za buku ndi chidindo, koma ndinawadula.

"Mayi, lero ndi tsiku lomaliza la msonkho. Munandidula ndalama, pepala simunandipatse, milungu isanu tsopano. Ikakwana folo koloko ndilibe pepalalo, ndigulitsa makina amene anasoka makatani anuwa. Ndiye ndati bola ndigulitse makatani."

"Tsikani tikambirane ngati anthu."

"Pansi ndakambapo milungu isanu. Pamwamba pano ndi pamene mwandimva."

Pamenepo ndinamva chitsulo chikulira pakhomo. A Pulambala, munthu wofatsa uja amene amapepesa ngakhale wina akawaponda, anali atavala chipewa chawo, sipanala yaikulu ili m'manja.

"Pepani mayi," anatero mwaulemu, "ine ndinaika mipope ndi zimbudzi khumi. Ndimafuna ndidziwe kuti changa ndi chiti. Ndikuganiza kuti ndi chija cha ku ofesi kwanu."

A Layimu anali kumbuyo kwawo, akuyang'ana khoma ngati akuyeza kuti ayambira pati kupala.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi aja anatembenukira kwa a Mawa, mawu ali pansipansi.

"Buku lili kuti?"

Linali mu dilowa ya m'munsi. Chidindo chija chinapita kumaliro chinali pambali pake. Mapepala atatu analembedwa, kusainidwa ndi kudindidwa pa mphindi zosakwana khumi, a Mawa akulemba chotsinzina chifukwa cha dzuwa. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chimenecho. Milungu isanu ya ndalama za basi, ya kutseka shopu, ya kusagona tulo, kunali kudikira ntchito ya mphindi khumi.

Ndinawerenga pepala langa kawiri ndili pampando pomwepo, kenako ndinatsika n'kuvala nsapato. Makatani atatu amene ndinatsitsa ndinawasanjika patebulo.

"Simuwabwezeretsa?" anafunsa a Mawa.

"Kupachika ndi ntchito ina, bwana, ili ndi mtengo wake. Mubwere Lolemba."

Mayi aja sanaseke. Anati kampani yawo sidzandipatsanso ntchito, ndipo ndinadziwa kuti sakunama. Imeneyo inali kasitomala wanga wamkulu kuposa onse. Ndinangoti zikomo, n'kutuluka.

Basi tinaipeza yodzaza, tinapanikizana momwemo atatufe, sipanala ya a Pulambala ikundibaya m'nthiti. Ku ofesi ya msonkho mzere unali utafika pamasitepe, anthu onga ife okhaokha: akalipentala, ojambula zithunzi, okonza magetsi, aliyense atakumbatira envulopu yake. Mlonda wa kumeneko anatseka chitseko patangolowa anthu awiri pambuyo pathu. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana fomu yanga, nayang'ana pepala lija, nadinda. Anati palibe chowonjezera. Sanadziwe kuti pepalalo ndalitsitsa pawindo.

Nditafika kushopu ndinapeza alamu atakhala pa sitepe, galimoto yobwereka ili pamsewu, chingwe chili pamwendo.

"Mwachedwatu alamu," anatero. "Galimotoyi ndikulipira pa ola. Tinyamule?"

Ndinatsekula loko, ndinavundukula makina, ndinayatsa magetsi. Panali nsalu ya mayi wina wa kuseri kwa msewu, makatani awiri okha a chipinda chogona, ntchito yaing'ono imene masiku ena ndikanaiika pambali. Tsopano ntchito zanga zikhala zoterezi, ziwiri apa, zitatu apo, mpaka nditapeza kampani ina. Ndinalowetsa ulusi m'singano.

Alamu analowa n'kuima pafupi, akusisita mutu wa makina ngati mbuzi ya pamsika.

"Nanga zija tinapangana?"

"Chotsani dzanja alamu," ndinatero, phazi lili kale pa chopondera. "Singano iyi siona chibale."