Namva Atate

Wilbroad Ngosa ankaphunzitsa za makompyuta pa sekondale ina ku Petauke, ndipo kunena zoona, mutu wake unkagwira ntchito. Chimene ankasowa ndi kuleza mtima. Bambo ake ankalima nthochi ku Nyimba, ndipo chiwagulireni foni, tsiku silinkatha osamulembera. Mbuzi ikabereka, uthenga. Bondo likawawa, uthenga. Foni inkangolira m'kalasi, ana n'kumaseka.

Atatopa nazo, analumikiza foni yake ndi tsamba lina la pa intaneti, lija umangoliuza kuti chakuti chikachitika, lichite chakuti. Anaika lamulo limodzi: uthenga ukachokera ku nambala ya bambo ake, foni isalire, uthengawo ukasungidwe pa mndandanda wapadera, yankho lipite lokha. Yankholo analemba ndi zala zake: "Namva atate. Nizatuma foni m'madzulo."

Anadzilonjeza kuti mndandandawo aziuwerenga Loweruka lililonse. Anauwerenga kawiri. Loweruka lachitatu kunali mpira, kenaka kunabwera mayeso, basi n'kuiwaliratu. Nzeru zakezo ankachita kuzionetsa kwa aphunzitsi anzake, munthu wosauka!

Patapita miyezi inayi, anakumana ndi Mayi Vivian pa siteshoni ya basi. Mayiwa anali oyandikana nyumba ndi bambo ake.

"Aphunzitsi, pepani na malilo," anatero mayiwo, nkhope ili gwa. "Koma mwatichititsa nsoni. Mwana woyamba osaponyako dothi?"

"Malilo ya ndani, amai?"

Mayi Vivian anangogwira pakamwa.

Mndandanda uja anautsegula ali m'basi ya ku Nyimba. "Chifuwa chanivuta, mwana wanga." "Lelo anigoneka mu chipatala." "Ubwele, nifuna tikambe." Kenaka mlongo wake Febby, pa foni yomweyo ya bambo awo: "Atate atisiya." "Sitiika popanda iwe." Pansi pa uthenga uliwonse panali yankho lake lija, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Analakalaka basiyo itangoima kuti atsike athawire kutchire.

Anapeza anamfedwa atabalalika kale. Febby anali pakhonde, kumutu atametedwa, ndipo sanadzuke kumulandira.

"Tinakuyembekeza masiku atatu," anatero Febby. "Amalume anati tikutumile foni, ine n'nakana. Munthu wayankha yekha kuti wamva, ukamupemphe chani futi?"

"Sindine n'nali kuyankha, Febby. Ni makina. Sin'nawelenge olo umodzi."

Ankaganiza kuti mlongo wakeyo amutukwana, ndipo bwenzi zitamupepukirako. Koma Febby anangogwetsa misozi.

"Mwayi wawo atate sanadziwe," anatero motsitsa mawu. "Mu chipatala anali kuonetsa manesi onse. Ati onani mwana wanga, sachedwa kuyankha. Dzuwa likapendeka, anali kuniuza niike foni ku moto, batire idzale, niwaikile pa chifuwa, chifukwa Wilbroad wakamba kuti m'madzulo."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kafoni ka bambo awo kaja, komangidwa ndi mphira kuti batire isagwe. Anakaika m'manja mwa mchimwene wake.

"Tenga," anatero. "Ikali na moto. Na tsiku lothela anali kuyembekeza."