Miono ya Malemu Linwood

Verna anakoka chingwe, mono unatuluka m'madzi ukudontha, ndipo a Merle anaulandira n'kuusanja pamwamba pa inzake kumbuyo kwa boti. Nyambo sanaikemo. Tsiku limenelo miono inkangotuluka, osabwereranso pansi.

Bambo ake a Verna, a Linwood, anali atangoikidwa m'manda, mtima utawaima ali padoko. Pachilumba chawo cha ku Maine, msodzi wa nkhanu zam'nyanja zokhala ndi mchira akamwalira chiphaso chake chimafa naye, ndipo anzake amabwera kudzathandiza kuvuula miono yake. Anthu amati ndi chifundo. Chifundo n'chifundo ndithu, koma aliyense amadziwa kuti pamene pachoka choyandama chopakidwa utoto chosonyeza pomwe pali mono wa malemu, mawa lake pamayandama cha mnzake. M'madzi mulibe mpanda. Mwini malo ndi amene utoto wake ukuoneka pamwamba.

"Changamukako, mwana wanga, mphepo ikubwera," anatero a Merle, omwe anali mnzawo wa malemu kuyambira ali anyamata.

"Mphepo, amalume, kapena Dwight wanu watopa kudikira?"

A Merle sanacheuke. Kumbuyo kwawo boti la mwana wawoyo linkatsatira patali, lodzaza miono yoikamo kale nyambo.

Alton, mchimwene wake wa Verna, anali atakakamira chitsulo cha m'mphepete mwa boti, nkhope ili mbuu. Anabwera kuchokera kutauni ndi nsapato za pamaliro, ndipo nyanja inali itamusanzitsa kale kawiri.

"Asiye akuluwa, Verna. Ndakuuza kale, boti ndi miono zapeza wogula."

"A filimu anu aja?"

"Inde. Akujambula za mavuto a mabanja a asodzi. Akufuna boti lenileni, miono yeniyeni."

"Nanga wamasiye weniweni sakumufuna? Ndilipo, achimwene, kulira kwake n'kwaulere."

"Zoseka zimenezo amayi adya? Chiphaso ulibe. Uponye mono umodzi wokha, aboma alanda botili, titsale manja lende."

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinkawawa. Verna anakulira kumbuyo kwa boti limeneli, akununkha nyambo, manja atang'ambika ndi mchere. Akapempha kuti ayambe za chiphaso chakechake, bambo ake ankangoti, "Chaka cha mawa." Munthu ameneyo anali wouma mutu ngati chitsa. Tsopano mzere wa odikira ziphaso unali wa zaka zambiri, ndipo malo a m'madzi sadikira munthu.

Dzuwa litapendeka anafika pa Mwala Wakuda, kutali kunja, pomwe agogo awo anayamba kutchera. Apa ndiye panali nkhokwe ya banja. Chiyambire chisanu a Linwood sanafune kupitako. Ankati, "Zisiye zinenepe," ndipo Verna ankangong'ung'udza chamumtima.

A Merle anaongolera boti pakati pa miyala, mafunde akuliwomba uku ndi uku. Verna anakola choyandama chachikasu n'kuyamba kukoka. Mono unabwera wopepuka, utamera ndere. Unalibe kanthu. Kachitseko kake kanali kotsegula, katamangidwa ndi kachingwe kuti kasatsekeke. Wachiwiri unali chimodzimodzi, wachitatunso.

"Atibera!" anakuwa Alton. "Ndi Dwight ameneyu!"

"Wakuba samanga mfundo yooneka bwino chonchi," anatero a Merle, akuisisita ndi chala. "Iyi ndi ya bambo ako."

Verna anaiyang'anitsitsa. Inalidi yawo.

"Ankadziwa kuti mtima watha," anapitiriza mkuluyo. "Pamiyala pano pamafuna munthu wamphamvu, ndipo Linwood chiwongolero sakanapatsa wina, ngakhale iwe. Ndiye anabwera yekha tsiku lina n'kutsegula yonse. Mono wotseka ukausiya, zolowamo zimadyana mpaka kutha. Iye ankangofuna kuti utoto wake uzionekabe, tisalowepo."

"Kusungira ndani?" anafunsa Verna. "Ine chiphaso anandimana. Achimwene nyanja imawadwalitsa. Ankasungira ndani, amalume?"

Verna anapsa mtima ndi munthu amene sakanathanso kukangana naye, ndipo anamusowa kwambiri. Alton anayandikira n'kumugwira paphewa.

"Mwina ndikawauze a filimu adikire kaye..."

"Adikire chiyani? Kokani uko, timalize."

Anakoka onse awiri, nsapato za pamaliro zikumwa madzi. Zoyandama zachikasu zinatha chimodzichimodzi mpaka Mwala Wakuda unatsala wopanda mwini. Asanatembenuze n'komwe boti, kumbuyo kunamveka phava! Mono woyamba wa Dwight unali utalowa m'madzi.

Mu mono womaliza munali kankhanu kakang'ono, kamene kanangolowa kudzabisala pakona. Alton anatambasula dzanja kuti akataye.

"Ayi, ababa sankaponya," anatero Verna.

Anavula gulovu, anakanyamula pamsana, n'kugona chamimba m'mphepete mwa boti. Anatsitsa mkono m'madzi ozizirawo mpaka m'chigongono, n'kudikira kuti kankhanuko kapinde mchira kokha. Kenako anatambasula zala.