Lero Mundawo ndi Wanu?

Uthengawo unalengezedwa kutchalitchi, pakati pa chilengezo cha maliro ndi cha msonkhano wa amvano. Mlembi wa mpingo anauwerenga mothamanga ngati wasiya nyemba pamoto: sabata ino kubwera anthu a boma a kafukufuku, adzayenda m'makomo kufunsa ngati amayi ndi abambo akupeza zinthu mofanana, ndani ali ndi foni, ndani amagwira ndalama, ndani ali ndi munda. Ambiri sanamve n'komwe, maganizo anali kale kunyumba. Koma Maness atamva mawu akuti munda anadzuka pabenchi pang'ono, n'kukhalanso. Mumtima anati Mulungu wayankha.

Munda wa Maness unali kumunsi kwa msika wa Lirangwe, moyang'ana kumtsinje. Anamusiyira mayi ake, iwonso anasiyiridwa ndi mayi awo, pakuti kuno nthaka imayenda ndi bere. Woyenera kuuteteza anali mlongo wake Mailosi, mwinimbumba. Ndiye taonani zimene anachita mtetezi ameneyu. Golosale yake ku Chileka itayamba kugwa, anapeza mkulu wina wamalole amene ankafuna malo apafupi ndi msewu, n'kumugulitsa mundawo pamodzi ndi nandolo amene anali asanathyoledwe. Maness anamvera kwa anthu kuchigayo. Loweruka likudzalo anyamata a mkuluyo anali oti adzazike zipilala.

Musaganize kuti Maness anangopinda manja. Kwa amfumu anapita, ndipo anamulandira bwino, mpando anamupatsa, koma mawu anali akuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, kakambiraneni pachibale. Ku Chileka anapitanso, pa minibasi ya ndalama yobwereka. Anamupeza Mailosi pakhonde la golosale yopanda katundu, akuthamangitsa ntchentche.

"Achimwene, mwandilakwira," anatero Maness. "Ana anga adya chiyani?"

"Achemwali, inu mumakolola chiyani pamenepo? Dothi lija linatopa kale. Komanso ndalamazo zinalowa m'mavuto, si kuti ndinakamwera mowa ayi."

Ndege inadutsa motsika n'kumeza mawu ena onse, ndipo Mailosi anapezerapo mwayi wolowa m'nyumba. Sanatulukenso.

Nanga Benson, mwamuna wa Maness? Munthu wabwino, wolimbikira khasu, koma mkamwini wochokera ku Mdeka. Imvi zinamumerera pamudzi pomwepo, komabe pa nkhani ya nthaka ankakhala ngati wafika dzulo. "Amake Lisa," ankatero, "ine ndikangotsegula pakamwa andifunsa kuti kodi kwanu kulibe minda." Ndipo sankanama.

Choncho Lachitatu, pamene Maness anapeza nambala ya anthu a kafukufuku aja italembedwa ndi choko pachitseko chake, anasangalala ngati walandira kalata ya ntchito. Anakolopa pakhonde, anabwereka mpando wapulasitiki kwa aneba, anavala chitenje chopitira kutchalitchi. Nkhani yake anaikonza mumtima kuyambira kwa agogo ake mpaka kwa Mailosi. Boma likalemba kuti munda ndi wa Maness, mwana wa Lenia, ndani angazike chipilala pamenepo?

Boma linafika Lachinayi dzuwa litakwera, ndipo linali kamtsikana kochepa thupi, kovala chipewa ndi nsapato zodzaza fumbi, m'manja muli chifoni chachikulu ngati mbale. Kanati dzina lake ndi Tikondane, kwawo ndi ku Chileka komweko. Kanagwada popereka moni, ndipo Maness anakakonda nthawi yomweyo.

"Mutu wa banja lino ndani?" anafunsa Tikondane.

Benson anatsokomola, n'kukonza kolala ya malaya. "Ndine."

Maness anamuyang'ana cham'mbali. Mutu wake uti, wosatha kulankhula pa bwalo? Koma pamaso pa mlendo sunyoza mwamuna, ndiye anangoti, "Eya, ndi iwowa." Atatha mafunso a pakhomo, Tikondane anapempha mwaulemu kuti bambo apite kaye poteropo, chifukwa otsalawo ndi a mayi okha. Benson anachoka monyadira, akumva bwino kuti walembedwa.

Tikondane anayamba ndi mawu oloweza pamtima, akuti zonse zimene akambirane ndi zachinsinsi, ndipo mayi ali ndi ufulu wokana kuyankha. Maness anangogwedeza mutu. Ankadikira za munda. Koma mafunso anazungulira kutali: sukulu munalekeza pati, foni muli nayo, dzulo munadzuka nthawi yanji, madzi mumatunga kuti, mukadwala amene amalamula kuti mupite kuchipatala ndani. Maness anayankha zonse moleza mtima, monga munthu amene ali pamzere wa chigayo.

Kenako funso linafika. "Mayi, muli ndi munda?"

Apa ndiye Maness anamasula thumba lonse. Anayamba ndi agogo ake amene anaswa mphanje pamenepo, anafotokoza za a Lenia mayi ake, za mtengo wa mango umene anabzala chaka chimene Lisa anabadwa, za chigayo, za amfumu, za ndege ija. Za Mailosi anazifotokoza movutika, pakuti anali mlongo wake wamng'ono amene iye ankamubereka kumsana ali mwana. Tikondane anamvetsera osamudula. Chala chake chinali m'mwamba, pamwamba pa galasi la chifoni chija, koma sichinatsike ngakhale kamodzi.

"Bwanji simukulemba, mwanangu?"

"Mayi, muno mulibe polemba zimenezo," anatero Tikondane motsitsa mawu. Anatembenuza chifonicho kuti Maness aone. "Muli timabokosi basi. Munda ndi wanu nokha, kapena wa amuna anu, kapena wa nonse awiri, kapena mulibe. Ndiyenera kudina kamodzi."

"Nanga ka munda wobedwa ndi mlongo kali pati?"

"Kalibe."

"Ndiye mudina kati?"

"Anatiphunzitsa kuti tizifunsa za lero. Lero lino, mundawo ndi wanu? Mukuulima ndinu?"

"Ndi wanga! Nandolo ali m'menemo ndinabzala ndine ndi manja awa."

Chala chinatsika. Maness anapuma mozama, mapewa n'kugwa. Zatheka, anaganiza. Anafunsidwanso ngati ali ndi chikalata cha mundawo, ndipo anaseka: chikalata cha chiyani, poti mudzi wonse ukudziwa? Chala chinatsikanso.

"Tsopano mundiwerengere," anatero Maness akusendera pafupi. "Ndimve mmene mwalembera dzina langa. Muikenso la mayi anga, Lenia, kuti a malolewo akabwera Loweruka ndidzawauze kuti pitani kuboma mukaone."

Tikondane anavula chipewa n'kuchiika pamwendo. Anali mwana woleredwa bwino, ndipo kunama sankakutha.

"Mayi, paja ndinanena poyamba kuti ndi zachinsinsi. Mayankho anu akangofika ku ofesi, dzina lanu amalichotsa. Ngakhale mudzi sautchula. Palibe amene adzadziwe kuti munayankha ndinu."

"Amalichotsa? Chifukwa chiyani?"

"Kuti mutetezedwe. Kuti wina asadzakuvutitseni chifukwa cha zimene mwanena."

Dzina lomwelo ndi limene Maness ankafuna kuti limveke, lilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu, lipachikidwe ngakhale pamtengo wa mango. Ndipo anthu awa, mwa chifundo chawo, anali atakonza kale zolifufuta.

"Nanga zonsezi ndi za ntchito yanji?"

"Amaphatikiza mayankho a dziko lonse. Kenako amaona kuti mwa amayi ochuluka chonchi, okhala ndi minda ndi angati, abambonso angati. Zikasiyana kwambiri, boma limadziwa pofunika kukonza."

"Liti?"

"Mwina chaka chamawa lipoti lidzatuluka."

"Ndiye ineyo mwandiika mbali iti?"

Tikondane anayang'ana pansi. "Ya amayi amene ali ndi minda yawoyawo."

Maness anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Ndiye kuti chaka chamawa, mabwana atakhala m'chipinda chozizira, adzaona kuti ku Blantyre amayi zinthu zikuwayendera, ndipo mmodzi mwa owasangalatsawo adzakhala iyeyo. Anapempha kuti asinthe, adine koti alibe. Koma mawuwo atangotuluka anawabweza yekha. Anene ndi pakamwa pake, pamaso pa boma, kuti alibe munda? Zimenezo ndiye Mailosi akadavina nazo. Bokosi lililonse linali lomupweteka.

Tikondane anayesa zimene akadatha. Anatchula ofesi ya zamalo mumzinda, anatchula khoti, anatchulanso bungwe lina lothandiza amayi limene sankadziwa bwino pamene lili. Maness anavomera zonse ndi mutu. Ankadziwa kuti zimenezo zimafuna thiransipoti, masiku, ndi munthu wodziwa Chingerezi, pamene Loweruka linali mkuja. Kumsewu galimoto inaliza hutala. Mtsikanayo anali ndi makomo ena omudikira.

"Pepani, mayi," anatero akuimirira. Maso ake anali atafiira.

"Iwe sunalakwe, mwanangu. Wagwira ntchito yako." Anamuthyolera mapapaya awiri, chifukwa mlendo sachoka chimanjamanja.

Benson anabwerera akumwetulira. "Zatheka, amake Lisa? Alemba?"

"Alemba," anayankha Maness, n'kunyamula mpando kukabweza.

Loweruka lole inafika m'mawa, itanyamula simenti, zipilala ndi anyamata. Mailosi anatsika kutsogolo atavala jekete, maso akuthawathawa. Maness anaima patali pansi pa mango, Benson kumbuyo kwake. Kukhala kunyumba kukadamupweteka koposa.

Posakhalitsa panabuka chisokonezo. Mailosi anachoka pamudzi kalekale, ndipo munda umene anagulitsawo sankaudziwa malire ake. Analoza uku, analoza uko, kenako anauza anyamata kuti akumbe pafupi ndi chulu. Maness anasendera pafupi. Pamenepo sipanali pake. Panali pa Elsie, mwana wa malemu mng'ono wake, wamasiye wolera ana atatu yekha, amene tsiku limenelo anali kuchipatala ndi mwana wake wamng'ono. Chipilala chikangolowa pamenepo, theka la munda wa Elsie lapita, ndipo simenti ikauma sikambirana ndi munthu.

"Pamenepo ayi!" anakuwa asanaganize.

Kapitawo wa anyamatawo anatembenuka. Anali bambo waulemu, wotopa ndi kulozeredwa zosiyanasiyana. "Mayi, inu mukudziwa malire?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye tithandizeni, chonde. Tisalakwire munthu."

Maness anayang'ana Mailosi, Mailosi anayang'ana nsapato zake. Anayang'ana Benson, ndipo Benson anangotambasula manja. Maness akakana, Elsie alira. Akavomera, ndiye kuti munda wake waupereka yekha.

Kenako anamanga chitenje mwamphamvu n'kutsogola. Anadutsa m'nandolo wake, makoko ouma akumukwapula m'miyendo, anyamata akumutsata ndi makasu. Pa ngodya yoyamba anaponda ndi chidendene.

"Apa," anatero.

Anadikira kuti akumbe, n'kupitirira kukawaonetsa pena.