Simbi pa Diresi la Namwino

Atelala anali atasoka zovala zaka makumi anayi m'kachipinda komweko, kuseri kwa sitolo ya nsapato, ndipo anali asanawotchepo nsalu ya munthu. Lachitatu lina m'mawa akusita diresi loyera la namwino wina, foni inalira. Anatuluka panja kuti amve bwino. Atamaliza kuyankhula anaima pakhomo n'kumaonerera magalimoto, mpaka fungo linawakumbutsa.

Pamsana pa diresilo panali chipsera chakuda, chofanana ndi simbi yeniyeniyo.

"Mutu wako uli kuti? Ukalamba wanji wotere?" anadzikalipira mokweza. Mawuwo anawazindikira: ndi omwe ankawanenera malemu mayi awo.

Mayi awowo anakhala nawo zaka zitatu zomaliza za moyo wawo. Ankasiya mpopi uli chitsegulire, ankaika makiyi mufiriji, ankafunsa funso limodzi kasanu. Atelala, pobwera kuntchito atatopa, ankawakalipira ngati mwana. Tsiku lina atapeza ketulo itauma pamoto, anawalanda machesi n'kuwaletsa kulowanso kukhitchini. Gogoyo sanatsutse. Anakakhala pampando wapakhonde, manja ali pamiyendo, n'kunena kuti, "Pepani, amayi." Anali ataiwala kuti akuyankhula ndi mwana wawo.

Masana a Lachitatu lomwelo mng'ono wawo wa atelala, yemwe amakolopa m'maofesi, anapatukira kushopuko. Anawapeza atakhala pansi, atatsamira tebulo lodulirapo nsalu, diresi lili pamiyendo.

"Achemwali, mwadwala?"

Anamuonetsa chipseracho.

"Aa, ndiye mpaka kukhala pansi? Nsalu yoyera yatha m'masitolo?"

"Si diresili ayi. Amayi ndinawazunza, iwe. Lero ndayamba kuiwala ndine. Zandiyenera."

Mng'onoyo anaika chikwama chake pamakina.

"Munkawakalipira, inde. Ndinkamva, sindikunamizani. Koma ankawasambitsa ndani? Ankachapa zofunda zawo m'mawa uliwonse ndani? Ine ndinkabwera Lamlungu lokha, kukhala maola awiri, kuwapesa tsitsi, n'kuchoka ndili mwana wabwino. Kudekha kwa maola awiri angakulephere ndani?"

"Iwe unali ndi ana aang'ono."

"Mwaona? Ine mwandipezera chifukwa msangamsanga. Nanga chanu simungachipeze bwanji? Ngati mukufuna wolakwa, tilipo awiri. Sunthani ndikhale."

Anakhala pansi onse, pakati pa tizidutswa ta nsalu. Podzuka, mawondo anakana, ndipo anakokana manja akuseka, misozi ili m'masaya.

Namwino uja anabwera ataweruka. Atelala anali ataganiza zonamizira simbi kuti ndi yowonongeka, koma pakamwa panakana.

"Mayi, ndinaiwala simbi pa diresi lanu. Palibe china. Ndikusokerani lina pofika Lachisanu."

Namwinoyo analitembenuza diresilo, nkhope ili gwa.

"Ndinakudalirani, atelala. Anzanga ankandiuza kuti mwayamba kusokoneza miyezo, ine n'kumakuikirani kumbuyo."

Anatenga nsalu yake ina yomwe inali isanadulidwe n'kutuluka. Sanabwerenso.

Zoti anthu ankanena kale zinawapweteka kuposa chipsera. Masiku awiri sanakhudze makina. Ankangoganiza za mayi awo pakhonde paja, kuti mwina nawonso ankadziwa zonse, ndipo ankachita mantha okhaokha, popanda wowafunsa. Mtima sunapepuke. Koma Lachisanu anaimbira mng'ono wawo.

"Undiperekeze kuchipatala Lolemba. Ndikufuna andiyeze za kuiwalaku."

"Ndipempha tchuthi. Mudye kaye musananyamuke, ndimakudziwani."

Lolemba anakhala pabenchi lachitsulo, pamzere wautali. Kalaliki anawapatsa fomu. Atelala analemba tsiku lobadwa pamalo pa tsiku la lero, anafufuta, n'kulakwitsanso. Mawu aukali anakwera mpaka pakhosi. Anatseka maso, anapuma kawiri, n'kuwameza. Mng'ono wawo ankayang'ana kumbali ngati sakuona.

Atelala anadzuka okha n'kupita pawindo la kalaliki uja.

"Bambo, ndaononga pepala lanu. Mungandipatseko lina?"

"Musadandaule, amayi. Alipo ambiri."

Anabwerera pabenchi, anavala bwino magalasi, n'kuyamba kulemba pang'onopang'ono kuchokera pamzere woyamba.