Malo a Wapampando Panjira ya ku Lennoxtown

Gulu lathu la njinga linayamba chifukwa cha Bambo Kachingwe, ngakhale eni akewo amakhulupirira kuti analiyambitsa ndi iwo. Mayi Kachingwe atamwalira mu Epulo, bambowo anadzitsekera m'nyumba yawo ku Springburn, kuno kudziko la azungu. Kutchalitchi anasiya kubwera, munthu amene kwa zaka khumi ndi zinayi anali mkulu wa mpingo wosaphonya ngakhale msonkhano wokambirana za makatani. Tikapita kukawaona ankatilandirira pakhomo atavala tayi, n'kutiuza kuti ali bwino ndithu, kenako n'kutseka.

Nzeru inachokera kwa Lusubilo, nesi wa mumpingo mwathu, amene kwa zaka zingapo wakhala akupalasa njinga ndi gulu la eni dziko.

"Musawauze kuti tikufuna kuwathandiza," anatero. "Auzeni kuti tikusowa wapampando."

Bambo Kachingwe anavomera tsiku lomwelo. Analemba malamulo masamba atatu, n'kundisankha ine, Eneya, kukhala mlembi osandifunsa. Malamulowo anawatha pa Khirisimasi, n'chifukwa chake ulendo woyamba unagwera mu Januwale. Tonse tinkadziwa kuti ulendowo ukawachititsa manyazi, chitseko chija chitsekedwanso, ndipo ngakhale tayi ija sitidzaionanso.

Tinakumana Loweruka m'mawa ku Maryhill, m'mbali mwa ngalande, tili anthu asanu. Madzi anali ataundana m'mphepete. Bambo Kachingwe anafika buluku atalipisira m'masokosi, chipewa cholimba cha panjinga chili pamwamba pa chipewa choluka. Anapemphera mpaka zala zakumapazi zinachita dzanzi. Atanena ameni, anatikumbutsa kuti mu 1983 anapalasa kuchoka ku Dedza kukafika ku Lilongwe ndi matumba awiri a kachewere. Nthawi yapita ija ankati linali thumba limodzi, koma palibe anafunsa.

"Atsogole ndani?" ndinafunsa.

"Funso lanji limenelo, achimwene?" anayankha Sylvester, woyimbitsa kwaya. "Akulu patsogolo."

Ndi mmene timachitira posamba m'manja, potenga chakudya, polowa pakhomo.

Titapitirira mudzi wa Torrance nyumba zinatha. Kunatsala minda, mipanda ya miyala, ndi nkhosa zotiyang'ana ngati zikutidziwa. Kutsogolo mapiri a Campsie anali mbuu ndi chipale chofewa, ndipo mphepo inkachokera komweko, molunjika kumaso. Ife akumbuyofe sitinaimve kwenikweni. Sylvester anayamba ndi nyimbo yomwe.

Wapampando anayamba kuchepetsa liwiro. Ifenso tinachepetsa, poti mkulu sumupitirira. Anachepetsanso, ifenso tinagwira mabuleki. Pachitunda china tinayenda pang'onopang'ono mwakuti Sylvester anatsala pang'ono kugwera mumpanda chifukwa cha ulemu.

Pamenepo gulu lina la apanjinga linatipitirira, anthu ngati khumi ali pamzere. Wakutsogolo ankapalasa kanthawi kochepa, n'kupatukira pambali, n'kubwerera kumbuyo, wina n'kulowa m'malo mwake. Womaliza, nkhalamba ya ndevu zoyera, anayang'ana Bambo Kachingwe, n'kutiyang'ana ife, n'kufuula mawu amene mphepo inawatenga.

"Akuti bwanji?" ndinafunsa Lusubilo.

"Akufunsa kuti mkuluyo anatilakwira chiyani."

"Bwanji?"

"Wakutsogolo ndiye amalimbana ndi mphepo yonse, a Eneya. Akumbuyo amangobisala. N'chifukwa chake anthu amasinthana. Ife tabisala kumbuyo kwa munthu wa zaka sikisite-wani kuyambira ku Maryhill."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndiwauze a Kachingwe kuti abwere kumbuyo kwanga? Inuyo ndinu mlembi, kawauzeni."

Sindinapite. M'malamulo munalibe ndime yotero.

Pageti la famu ina wapampando anakweza dzanja, tonse tinaima. Anatsika, n'kuwerama kuyang'ana tcheni.

"Ikuchita phokoso," anatero.

Tcheniyo inalibe vuto. Milomo yawo inali itatuwa, ndipo ankapuma mobisa, ngati kupuma n'kuba. Ku Lennoxtown kunatsala makilomita anayi. Ndinaona kuti akangokweranso patsogolo safika, ndipo tikawaitanira galimoto ndiye kuti gulu lathera pageti pomwepo.

Lusubilo anavula magolovesi, anapinda mawondo pang'ono monga amachitira kumudzi.

"Bambo, ndifunse nawo za dongosolo."

"Funsa, mwana wanga." Mawu akuti dongosolo anawawongola msana.

"Lamlungu, mukamachoka m'chipinda cha akulu kulowa m'tchalitchi, amayamba ndani?"

"Wonyamula Baibulo."

"Nanga abusa?"

"Amabwera pambuyo. Zimenezo n'zodziwika."

"Ndiye ife lero talakwa. Takuikani pamalo a wonyamula Baibulo. Mutikhululukire."

"Koma ine ndimati akulu patso..." anayamba Sylvester. Lusubilo anamuponda phazi. Sanamve, poti zala zinali zitafa kale ndi chisanu, choncho anamupondanso.

Bambo Kachingwe anayang'ana kumapiri. Nkhosa ina inayandikira pageti kudzamva nawo chigamulo.

"Ndimadikira kuti wina aone zimenezi," anatero. "Ndimafuna ndione ngati mlembi ali maso."

Ndinapepesa.

Sylvester ndiye anapita patsogolo. Nyimbo yake inathera pakati pa ndime yoyamba, ndipo patangopita mphindi zisanu anapempha yekha kuti tisinthane. Tinasinthana anayife, mosokonekera, nthawi zina awiri kufuna kutsogola pamodzi, nthawi zina wotsogola osapezeka. Wapampando anali kumbuyo, tayala lawo lili pafupi ndi la amene ali patsogolo pawo, akupereka malangizo. Mawu awo ankamveka bwino tsopano.

Ku Lennoxtown tinalowa m'kanyumba ka tiyi, magalasi a mawindo ali ndi nthunzi. Enawo atapita kukasankha makeke, ndinatsala ndi bambowo patebulo. Anafumbata kapu ndi manja onse awiri, akuyang'ana Lusubilo.

"Mayi anu aja ankachita chimodzimodzi," anatero motsitsa mawu. "Zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ankandifunsa funso, ine n'kuyankha, kenako n'kupeza kuti ndalamula zimene iwo amafuna."

Aka kanali koyamba kuwatchula chichitikire maliro. Ndinawasendezera shuga. Anathira masupuni atatu, natakasa kwa nthawi yaitali kuposa mmene shuga amafunira.

Enawo atabwera, anagogoda kapu ndi supuni.

"Mlembi, lembani. Ndime yatsopano. Wapampando aziyenda pambuyo, kuti aziona amene watopa." Anamuyang'ana Sylvester. "Lero ndaonapo kale mmodzi."

Ndinalemba pakapepala kopukutira pakamwa, poti buku la malamulo ndinaliiwala kunyumba.

"Loweruka likubwerali, naini koloko, malo omwe aja. Pemphero apereke wina, lalifupi." Anamwa tiyi. "Ndipo mawa mundisungire malo m'chipinda cha akulu. Ndikufuna ndikaone ngati wonyamula Baibulo akuyendabe bwino."