Timizere Titatu ta Ulusi Wofiira

Holide itayamba, sukulu inakonza zoti ana azipita m'mawa kukasewera mpira, kusambira ndi kujambula, n'kumabwerako madzulo. Mzime anabwera ndi pepala la zofunika kutenga, n'kuyamba kuwerengera mayi ake: chipewa, thaulo, botolo la madzi, malaya osinthira. Pansi pake panalembedwa kuti chilichonse chikhale ndi dzina la mwana.

Mayi sanadikire kuti amalize. Anayala zonse patebulo n'kutsitsa chitini cha singano pamwamba pa kabati. Iwo sukulu anangoinunkha, cholembera chimawaterereka m'manja ngati sopo. Koma ana awo anayi akuluakulu anakula osataya ngakhale sokosi imodzi, chifukwa chovala chilichonse ankachisoka timizere titatu ta ulusi wofiira. Aphunzitsi akatola juzi pabwalo sankafunsa. Ankangoti, "Iyi ndi ya kwa mayi olongolola aja."

"Amayi, musasoke," anatero Mzime, atagwira cholembera chakuda chonenepa. "Akuti dzina. Ndilemba ndekha."

"Inki imachoka ndi madzi. Patse thaulolo."

"Iyi sichoka. Anzanga amandiseka, amati ndine mbuzi yoikidwa chizindikiro."

"Mbuzi yachizindikiro ndi imene imabwerera kukhola. Anzakowo zipewa zawo zili kuti?"

Ananyambita ulusi n'kulozetsa pabowo la singano. Unapita pambali. Anasendera pawindo, anayesanso, koma bowolo silinkaoneka. Kale sizinali choncho. Mwana wawo woyamba ankamusoka kolala malaya ali m'thupi, ataima pakati pa mawondo awo, kakhosi kakununkha mafuta odzola, iwo akumukalipira kuti akagwedezeka amulasa. Lero amayendetsa lole, ali ndi ndevu. Wachiwiri, mtsikana, ankalimbirana ndi azing'ono ake kuti adule ulusi ndi mano. Tebulo lomwelo linkachepa. Tsopano panali mulu umodzi wa zovala, waung'ono.

"Tandilowetsera ulusiwu."

Mzime anabisa manja kumbuyo.

Mayi anamuyang'ana monga amayang'anira ogulitsa pamsika. "Chabwino. Iwe ulembe botolo, zotsalazo ndisoke ine."

"Ayi."

"Botolo ndi malaya. Ndakukomera mtima."

"Ayi, amayi."

"Chipewa chokha, m'kati, posaoneka. Apa ndiye pomaliza, sinditsikanso."

"Posambira timavula zipewa. Aona."

Pamsika, zikafika apa, iwo amatembenuka n'kuyamba kuchoka, wogulitsa n'kuwaitana. Anatembenukadi, anapita kukhitchini, anagwedeza mapoto kwa kanthawi. Palibe anawaitana. Atabwerera anapeza mwana atawerama pathaulo, kalilime kali panja, akukoka chilembo chimodzichimodzi. Zilembozo zinali zazikulu, zoongoka. Mayi anazindikirapo choyamba chokha, koma anaima kumbuyo kwake mpaka chomaliza.

"Chapendekeka icho," anatero.

"Sichinapendekeke. Chimakhala choncho."

Anabaya singano m'kansalu kake, anakulunga ulusi pang'onopang'ono, n'kutseka chitini. Anapinda malaya osinthira, anaika thaulo pansi m'chikwama, botolo pambali kuti lisatayikire.

"Ukataya chipewacho, udzavala poto," anatero. Kenako anatenga ambulera yawo kuseri kwa chitseko n'kuiika patebulo. "Ukamaliza ulembenso apa dzina langa. Aneba amangoitenga ngati ya boma. Ulembe zikuluzikulu."