Bambo Ali M'dontho la Madzi

"Chimenecho ayi," anatero mayi, akukankhira chiphaso cha malemu kumapeto kwa tebulo. "Munthu ameneyu sindikumudziwa. Akuoneka ngati amugwira akuba."

Mwana wawo woyamba anapumira m'mwamba. Osindikiza pulogalamu ya maliro anali ataimba kale foni, akufuna chithunzi cha malemu dzuwa lisanapendeke, ndipo m'nyumba monse munalibe china koma cha pachiphasocho. Zinali zoseketsa, zinalinso zowawa. Bambo anakalamba ndi kamera m'khosi, koma ankajambula maluwa okhaokha, moyandikira kwambiri moti munthu unkaona tiubweya ta patsinde. Anzawo ankawatcha a Njuchi. Wina akawalozetsa kamera, iwo ankabisa nkhope m'chipewa.

"Amayi, nkhaniyi ndi yaing'ono," anatero woyambayo. "Ndidula mutuwu pafoni, ndiuveka suti yabwino, pakamwapa ndikoka pang'ono kuti amwetulire. Adziwa ndani?"

"Ine," anayankha mayi. "Bambo ako sanavalepo suti ya munthu wina ali moyo. Ayambe lero?"

"Nanga titani? Anthu abwera kudzafunsa ine, osati inu. Tiike duwa papulogalamu?"

Mzime, mwana womaliza, sanalowerere. Anadzuka n'kupita kuchipinda chogwirira ntchito cha bambo, kumene kunali kununkhirabe mafuta awo opaka m'mawondo. Anasuntha kabotolo kopopera madzi, nakhala pampando, nayatsa kompyuta. Mwa ana onse, ndi iye yekha amene anapirira kuphunzira ntchitoyi, ndipo ankadziwa chimene akufuna.

"Achimwene, auzeni osindikizawo adikire. Chithunzi chilipo."

"Chili kuti? Ndafufuza monsemo, muli maluwa basi."

"Mwafufuza zokonzakonza. Ine ndikutsegula zosakhudza."

Bambo asanajambule duwa ankayamba alipopera madzi, ndipo dontho lililonse limakhala ngati kagalasi kozungulira, limatenga chilichonse chili patsogolo pake. Pokonza chithunzi pakompyuta, iwo ankakulitsa dontho lililonse n'kudzifufutamo mosamala. Ankati wojambula akaonekera ndiye kuti wasiya chitsotso pantchito yake. Koma zithunzi zoyambirira, zotuluka m'kamera, sankataya ngakhale chimodzi.

Mzime anadumpha maluwa oyera ndi achikasu, chifukwa pa iwo dontho limangowala mbee. Anasankha ofiira kwambiri, okhala ngati akuda. Anakulitsa dontho loyamba. Munali chipewa, zigongono ziwiri, ndi lenzi yakuda yophimba nkhope yonse. Lachiwiri chimodzimodzi. Mchimwene wake, amene tsopano anali ataima kumbuyo kwake, anayang'ana wotchi.

"Iwe, nthawi ikutha. Tikaika munthu wopanda nkhope?"

"Dekhani. Zaka zomalizazi manja awo ankanjenjemera. Kamera ankaiimika pamiyendo yake, iwo n'kumadina kachingwe ataima pambali."

Anapita ku zithunzi za chaka chatha, napeza duwa lofiira lokhala ndi dontho limodzi lalikulu m'mphepete. Analikulitsa mpaka linadzaza sikirini. Anatsitsa kuwala, nakweza pang'ono mbali zamdima, ndipo munthu anayamba kutuluka. Ponolera chithunzi anangokhudza pang'ono, podziwa kuti ukapitiriza nkhope imasanduka mchenga.

Anali bambo. Dontho linawatupitsa mphuno, mapewa linawapinda, koma anali iwo enieni, chipewa chili kunkhongo, akuseka mano onse pamtunda. Sankayang'ana duwa. Ankayang'ana kumbali, kumene kunaima munthu wina atanyamula katoni yoyera.

Mayi anali atalowa mwakachetechete. Anatsamira patebulo, nayandikitsa nkhope.

"Ndinetu uyo," anatero. "Ankandiimika padzuwa kuti ndiziwalitsira duwa ndi katoniyo. Tsiku limenelo ndinawauza kuti mkono ukathothoka andigulire wina." Anaseka, kenaka kusekako kunasanduka misozi, ndipo sanaibise.

Mzime anatsegula chithunzi chomwecho chokonzakonza, kuti atengere mitundu monga momwe bambo anaisiyira. Dzanja lake linaima pamausi. M'donthomo bambo munalibe, anadzifufuta bwinobwino osasiya ngakhale mthunzi. Koma mayi anali momwemo ndi katoni yawo, ndipo zinkaoneka kuti wina anakhala pansi n'kuwawalitsa nkhope mwadala. Anatsegula china, natsegulanso china. Paliponse pamene mayi anagwira katoni, anatsalamo.

"Chitsotso ankadziona okha," anatero Mzime motsitsa mawu.

Woyamba uja anakanda kukhosi. Mtima unali utamugwa, koma foni inali kulira m'thumba mwake.

"Chabwino, titumize choyambiriracho," anatero. "Mzime, dula mbali ya amayiyo kuti bambo atsale okha. Papulogalamu pamakhala malemu yekha."

Mayi anawongoka, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwini wake sanandichotse. Iwe ndiwe ndani?"

Woyambayo anapisa dzanja m'thumba. Anatuluka panja kukayankha foni, ndipo anamveka akuuza osindikiza kuti chithunzi chikubwera, chili ndi anthu awiri, asachidule. Mayi anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Mzime. Ndi nsonga ya mpango wawo anapukuta fumbi pasikirini, pang'onopang'ono, kuzungulira dontholo.